Za Magalimoto Akale ndi Makani Ao a Liwiro

Mau onenedwa ndi mphunzitsi wa sukulu ya kumudzi pa masiku a Jubili

 Masiku a Jubili ndiwo masiku akuceukira m'mbuyo, ndi kufunsa kuti zinthu zimene tiziona lero zinayamba bwanji. Akuru ena anenapo za nyumba ndi za sukulu. Ife atipatsa kanthawi kuti tinene za galimoto, imene yanyamula ambiri a inu pakudza kuno. Pakuti galimoto nayonso iri ndi makolo ace, ndipo kuli maiko kumene anthu asunga magalimoto okalamba ndi kuwacitira phwando caka ndi caka.

Mau athu ndi awa. Anthu oyamba kuyesa galimoto anafunsa funso labwino, lakuti: Kodi cinthu ici cidzafikitsa munthu kumene apita ali wamoyo? Zisanathe zaka zambiri anataya funso lija, nayamba kufunsa lina, lakuti: Kodi cithamanga motani? Mtengo wa kusintha kumeneko anaulipira ndi mwazi, ndipo tiulipirabe kufikira lero. Tiyeni tiitsate nkhaniyi monga inacitikira.

Pa 29 Januwale 1886, m'dziko la Germany, mmisiri wina dzina lace Carl Benz analembetsa ku boma gareta wa magudumu atatu woyenda ndi injini, wopanda kavalo kapena ng'ombe. Koma ogula anasowa, pakuti panalibe munthu anaonapo gareta wotere atayenda ulendo wautali. Pamenepo mkazi wace, Mai Bertha Benz, analawira m'mamawa tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti 1888, natenga ana ace amuna awiri, Eugen ndi Richard, osauza atate wao, nacoka ku Mannheim kunka kwa amace ku Pforzheim, mtunda wa makilomita oposa 100. Panjira panalibe pomwetsera mafuta. Cifukwa cace analowa m'sitolo ya mankhwala ku Wiesloch, nagula mafuta ocotsera mathotho m'zobvala, nathira m'injini. Paipi ya mafuta itatsekeka anaitsegula ndi phini la cipewa cace. Mabuleki amtengo atayamba kudyeka anapempha wosoka nsapato kuti awakhomere cikopa. Pa zitunda anyamata aja anatsika nakankha. Anafika madzulo, onse atatu ali bwino. Mai uyu sanapikisana ndi munthu ali yense. Anangofuna kuonetsa kuti cinthuco cifikitsa munthu.

Zitapita zaka 6, nyuzipepala ya ku Paris, m'dziko la France, dzina lace Le Petit Journal, inaitana amisiri kuti adzayese magareta ao opanda akavalo. Analembetsa 102, koma pa 22 Julayi 1894 ananyamuka 21 okha, kucokera ku Paris kunka ku Rouen, makilomita 126, ndiwo monga mtunda wa ku Lilongwe kufikira ku Kasungu. Tamvani lamulo la makani awa: mphotho sinali ya wofika poyamba, koma ya galimoto yosaopsa, yosabvuta kuyendetsa, ndi yosadya ndalama zambiri panjira. Oyendetsa anaima pa Mantes nadya cakudya ca masana, nayambanso ulendo wao. Woyamba kufika anali Jules-Albert de Dion, atayenda maora 6 ndi mphindi 48. Koma galimoto yace inali ya nthunzi, yofuna munthu waciwiri wakusonkhezera moto, ndipo oweruza sanampatsa mphotho yoyamba. Mphothoyo, ndiyo mafranki 5,000, anaigawira nyumba ziwiri za amisiri, ya Panhard et Levassor ndi ya Peugeot, zimene magalimoto ao a petulo anafika pambuyo pace. Mwa 21 aja anafika 17.

Koma maso a khamu sakhala pa oweruza; akhala pa iye wofika poyamba. M'mwezi wa Juni 1895 anakonza makani ena, kucokera ku Paris kunka ku Bordeaux ndi kubwerera, makilomita 1,178. Émile Levassor anayendetsa yekha pafupifupi njira yonse, usana ndi usiku, nabwera atatha maora 48 ndi mphindi 48. Liwiro lace linali makilomita 24 pa ora, limene mnyamata wamphamvu alifikira lero pa njinga yakupalasa. Mphotho yoyamba inapita kwa Paul Koechlin, amene anafika maora 11 pambuyo, pakuti galimoto yace inali ya mipando 4 monga linafunira lamulo, ndipo ya Levassor inali ya mipando iwiri yokha. Komabe dzina limene linachuka ndi la Levassor. Caka cotsatira, m'makani a ku Marseille, galimoto yace inagubuduka cifukwa ca garu amene analowa mumseu. Anabvulala, namwalira m'mwezi wa Epulo 1897.

Amisiri sanaleka. Anakuza injini caka ndi caka, koma miseu inali yomweyo ya magareta a akavalo, yopapatiza ndi yapfumbi, ndipo mabuleki sanakula pamodzi ndi injini. Pa 24 Meyi 1903, mbandakuca, magalimoto ndi njinga zamoto zoposa 200 zinanyamuka pa Versailles, pafupi ndi Paris, kulinga ku Madrid m'dziko la Spain. Makamu a anthu anadzaza m'mbali mwa mseu, ana ndi akuru, popanda mpanda wakuwachinga. Pakuti maso ao anazolowera liwiro la kavalo, sanadziwa kuyesa cinthu cakudza ngati mphenzi. Oyendetsa nao analowa m'pfumbi la anzao osaona kutsogolo. Fernand Gabriel, m'galimoto ya Mors, anatha makilomita 552 kufikira ku Bordeaux pa maora 5 ndi mphindi 14, ndiwo makilomita 105 pa ora. Taonani, kucokera pa 24 kufikira pa 105 m'zaka 8 zokha! Koma m'mbuyo mwace mseu unatsala ndi zidutswa za magalimoto ndi mitembo. Anafa anthu osacepera 8, oyendetsa, athandizi ao ndi oonerera. Louis Renault anafika ku Bordeaux, nauzidwa kuti mbale wace Marcel wagwa panjira. Ndipo Marcel anamwalira atapita masiku awiri. Boma la France linaletsa makaniwo pomwepo. Magalimoto anakokedwa ndi akavalo kunka ku siteshoni, nabwerera ku Paris pa sitima ya pamtunda. Ku Madrid sanafikako ndi mmodzi yemwe. Makolo athu ananena zoona, kuti kuthamanga si kufika.

Zitatha izi anayamba kuchinga miseu ya makani kuti anthu asalowemo, monga anacitira pafupi ndi Le Mans m'caka ca 1906. Ndipo m'caka ca 1907 anatsegula bwalo la Brooklands ku England, lomangidwira liwiro lokha. Anazindikira, angakhale mocedwa, kuti mseu umene ayendamo mai ndi mwana wace suli bwalo la makani.

Tsopano tikhale ku England komweko, tibwerere m'mbuyo zaka zowerengeka, pakuti kumeneko ndiko kuli phwando la magalimoto okalamba lija tinachula. Dziko ilo linali ndi lamulo la caka ca 1865, lakuti gareta wa injini asapitirire mailosi 4 pa ora kumidzi, ndi mailosi 2 m'matauni, ndi kuti munthu ayende pansi patsogolo pace atanyamula mbendera yofiira. Mbenderayo anaicotsa m'lamulo m'caka ca 1878, koma woyenda patsogolo anatsala. M'mwezi wa Januwale 1896, m'boma la Kent, wapolisi anathamangitsa Walter Arnold pa njinga, namgwira akuyenda mailosi 8 pa ora, ndipo bwalo linamlipiritsa sheleni imodzi. Mwaseka, ndipo nkhaniyi iseketsadi. Koma pa 17 Ogasiti caka comweco, pa Crystal Palace ku London, galimoto yoyenda ngati mailosi 4 pa ora inagunda Mai Bridget Driscoll, wa zaka 44, nimupha. Ndiye woyenda pansi woyamba kuphedwa ndi galimoto m'dzikomo. Ngati citsulo coyenda pang'ono cotero cinapha munthu, nanga cakudza ndi liwiro la lero cidzatani?

Pa 14 Novembala 1896 lamulo latsopano linayamba kugwira nchito, lakulola mailosi 14 pa ora, ndi kucotsa woyenda patsogolo uja. Eni magalimoto anakondwera. Mkuru wina, Lord Winchilsea, anang'amba mbendera yofiira pamaso pao, ndipo magalimoto oposa 30 ananyamuka ku London kunka ku Brighton, mudzi wa m'mphepete mwa nyanja, mtunda wa pafupifupi mailosi 60. M'caka ca 1927 anthu anadzutsanso ulendowo kuti ukhale cikumbutso, ndipo ucitika kufikira lero, kawiri-kawiri pa Lamulungu loyamba la Novembala, m'manja mwa bungwe la Royal Automobile Club. Unalekeka m'zaka za nkhondo yaikuru yaciwiri, ndi m'caka ca 1947 pamene petulo anaperewera, ndi m'caka ca 2020 cifukwa ca mliri wa Covid-19.

Siiloledwa galimoto iri yonse pa ulendowu, koma yokhayo inapangidwa caka ca 1905 cisanafike. Cotero wamng'ono pa onse ali ndi zaka 120 ndi kuposa. Asonkhana magalimoto oposa 300 pa Hyde Park, ena a petulo, ena a nthunzi, ena a magetsi. Ambiri alibe denga, ndipo ena alibe ciwongolero cozungulira, koma ndodo yonga yakuwongolera bwato. Dzuwa likamaturuka ang'ambanso mbendera yofiira, nanyamuka m'cisanu ca dziko lija, okalambitsitsa ali patsogolo. Eni ace anyamula zipangizo, pakuti nkhalamba izi zitsokomola panjira. Ina ikaima, mwini atsika, nagona pansi pace, naikonza, napitirira. Anthu ambiri aima m'mbali mwa mseu kuziombera m'manja.

Tsono tamvani cimene tinadzera. Ulendo uwu suli makani. Lamulo lace liletsa kupitirira mailosi 20 pa ora powerenga ulendo wonse. Palibe mphotho ya wofika poyamba. Ndipo yense wofika pa Madeira Drive ku Brighton isanakwane 4:30 madzulo alandira mendulo, woyamba ndi wotsiriza cimodzi-modzi. Zidzukulu za anthu amene anang'amba mbendera zabwerera ku funso la Mai Bertha ndi la oweruza a ku Rouen, lakuti: Kodi wafika? Ndipo magalimoto amene akhala zaka zonsezi ndiwo amene anapeza mwini wakuwathira mafuta, wakumvera kulira kwa injini, ndi wosawakakamiza koposa mphamvu yao.

Kodi nkhani ya maiko akutali itikhudza bwanji ife a kuno? Itikhudza pamaliro. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linawerenga m'caka ca 2023 kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa m'ngozi za pamseu caka ciri conse. Kuti ngozizi ndizo zipha koposa ana ndi acinyamata a zaka 5 kufikira 29. Ndi kuti, poyerekeza ndi ciwerengero ca anthu, Africa ndiye alira koposa zigawo zina. Miseu yathu ifanana ndi uja wa ku Bordeaux m'cinthu cimodzi: mwa mseu womwewo muyenda galimoto, njinga, ngolo, mbuzi, mai wosenza nkhuni ndi mwana wonka ku sukulu, ndipo palibe mpanda pakati pao. Inu akatekisiti, amene muyenda m'midzi kukaika akufa, mudziwa bwino kuposa ife mabokosi amene anacokera kumseu.

Cifukwa cace tikupemphani zinthu zitatu. Coyamba, kwa inu oyendetsa minibasi, malole ndi njinga zamoto za kabaza: sungani masamu awa, kuti liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene mabuleki afuna kuti aimitse galimoto ucuruka kanai. Amisiri a 1903 anakuza injini naiwala mabuleki. Inu musanyamuke osayesa anu. Caciwiri, kwa ife okwera: tisafulumize woyendetsa cifukwa tacedwa ku msika kapena ku ukwati, ndipo akayamba makani ndi mnzace kulimbirana okwera, tisakhale cete ngati katundu, koma tinene mwaulemu ndi molimba, tonse pamodzi. Cacitatu, kwa aphunzitsi anzathu ndi makolo: popeza magalimoto a kuno ayenda kudzanja lamanzere, tiphunzitse ana kuyenda kudzanja lamanja la mseu, kuti aone cakudza patsogolo pao, aime ndi kuyang'ana uku ndi uku asanaoloke, ndipo woyenda usiku abvale coyera, kapena anyamule nyali.

Sitinena kuti munthu wa mbendera abwerere, iai. Galimoto yapulumutsa amai ambiri akufulumira ku cipatala, ndipo tiyamika amisiri amene anaipanga. Tinena kuti liwiro likhale kapolo wa ulendo, lisakhale mbuye wace. Mukamabwerera kwanu mawa, amene akudikirani pakhomo sadzafunsa kuti munapitirira magalimoto angati panjira. Adzangofunsa kuti, Mwayenda bwanji? Muyende cotero kuti mukawayankhe ndi pakamwa panu.