Kabuku ka ana ku myuziyamu kasatseke pakamwa agogo

(Mawu amene mphunzitsi wina wopuma pantchito analankhula kwa aphunzitsi anzake ndi makolo ku Chikwawa)

Kunjaku kwatentha monga mwa masiku onse kuno kuchigwa, choncho sindikusungani nthawi yaitali.

Mwandipempha kuti ndinenepo za timabuku timene makolo ndi ana amalandira polowa m'nyumba yosungiramo zinthu zakale, imene ambirife timangoti myuziyamu. Inu amene munakhala zaka zambiri kunja, kaya ku Lusaka, ku Harare kapena ku London, munationa timabuku timeneti. Mwana amapatsidwa pepala ndi pensulo pakhomo, n'kumayenda nazo akufunafuna ichi, kujambula icho. Tsono ife a ku Chikwawa ndi Nsanje tikafuna kupanga kathu, kakhale kotani?

Ndiyambe ndi zimene ndinaziona ndi maso anga. Mayi anga akali moyo, ndinawatenga pamodzi ndi mwana wanga wamwamuna kupita ku myuziyamu ina m'tauni. Pakhomo anatipatsa pepala lodzaza ndi mafunso, onse m'Chingerezi. Mnyamatayo analiyamba liwiro, kuchoka pa galasi ili kupita pa lina, akukopera mawu a pa zikwangwani. Atafika pa mono, monowo sanauyang'ane n'komwe, anangowerenga kapepala kamene kanali pansi pake. Mayi anga anaima poteropo, manja kumbuyo, ngati munthu amene wafika pamaliro a eni. Tikutuluka m'pamene anandinong'oneza kuti, "Mono uja auika chozondotsa, nsomba siingalowemo." Mayi amene anakulira m'mphepete mwa Shire anali ndi phunziro lonse m'mutu, koma pepala lija linawasandutsa mbuli pamaso pa mdzukulu wao.

Nchifukwa chake ine ndikuti kabuku kathu kazichititsa mwana kutembenuka n'kufunsa munthu wamkulu amene wabwera naye. Yankho limene lili pachikwangwani mwana adzalikopera n'kuliiwala asanafike pa depoti. Limene lachokera pakamwa pa agogo ake adzapita nalo kumudzi.

Titenge khasu. Funso lakuti "Kodi chida ichi dzina lake n'chiyani?" n'lotaya inki. Tilembe kuti: "Afunse amene wabwera nawo kuti kulima kudimba kumasiyana bwanji ndi kulima kumphala." Pamenepo bambo amene sanapite patali ndi sukulu adzayankhula mpaka mlonda kuwauza kuti akutseka. Adzanena za chinyontho chimene madzi amasiya akaphwa, za mbatata ndi chimanga cha m'chilimwe, za mapira ndi mchewere zimene zimapirira dzuwa. Pa chithunzi cha dambo tifunse kuti: "Kodi kwanu munadyapo nyika? Chinali chaka chanji?" Mwana wobadwira ku Ndirande sadziwa kuti anthu a ku Nsanje amapalasa bwato kukazula nyika m'madzi momwe muli ng'ona njala ikafika povuta. Akamva kuti mayi ake omwe anadyapo, adzawayang'ana mwa mtundu wina.

Pali thonjenso. David Livingstone atakwera mtsinje wa Shire m'chaka cha 1859 anapeza Amang'anja akulima thonje, kulipota ndi kuomba nsalu zao, ena akusula makasu. Ana athu ambiri amaganiza kuti thonje linabwera ndi azungu. M'kabukumo timateko kachidutswa ka thonje, mwanayo ayese kupota ulusi ndi zala zake, aone m'mene thukuta limatulukira.

Za chiyankhulo ndilankhule mosapsatira. Kuyambira m'chaka cha 1968, pamene Chichewa chinasankhidwa kukhala chiyankhulo cha dziko lonse, mwana wa Chisena anaphunzira kusiya chiyankhulo chake pakhomo la kalasi. Enafe tinali aphunzitsi nthawi imeneyo, ndipo tinkawadula ana pakamwa, ndivomere. Kabuku kathu kalembedwe m'Chichewa, inde, popeza ndicho ana amawerenga kusukulu. Koma pansi pa chithunzi chilichonse pakhale mzere wopanda kanthu ndi mawu akuti "Kwanu mumachitcha chiyani?" Wina alemba bwato, wina alemba mwadiya, ndipo onse akhoza. Chingerezi chikhalepo m'zilembo zazing'ono chifukwa cha adzukulu anu amene anabadwira kunja, amene Chichewa chimawakola pakhosi.

Tsopano mbali yovuta, imene ndi mbiri ya anthu. M'chigwa muno muli manda a azungu odziwika maina: Bishopu Mackenzie amene anamwalira mu 1862 cha kumene Ruo amathira mu Shire, ndi Richard Thornton amene anamwalira mu 1863 ndipo anaikidwa kufupi ndi mathithi a Kapichira. M'zaka zomwezo chilala ndi nkhondo za ogwira akapolo zinapha Amang'anja osawerengeka, koma palibe mwala umene unalembedwa dzina la mmodzi wa iwo. Kabuku kakangotuma mwana kukawerenga miyala ya azungu, kamuphunzitsa kuti eni nthaka analibe mbiri. Pafupi ndi chithunzi cha mandawo tisiye malo oti mwana alembe dzina la kholo lakale kwambiri limene banja lake likukumbukira, ndi kumene linagona.

Chimodzimodzi nkhani ya Amakololo. Anabwera ndi Livingstone, iye atachoka iwo anatsala, ndipo maina ngati Kasisi, Maseya ndi Katunga ndi a mafumu athu mpaka lero. Ufumu wa Lundu unalipo iwo asanafike. Kabuku ka ana si bwalo la milandu ayi, ndipo tisayese kugamulamo kuti wamkulu ndani. Tinene zimene zinachitika mwachidule, kenaka mwana afunse kuti, "Agogo, makolo athu anachokera kuti, nanga anafika bwanji kuno?" Wina adzamva za Zambezi, wina za nkhondo ya ku Mozambique imene inadzaza Nsanje ndi anthu othawa kwao m'zaka za m'ma 1980. Tinakhala zaka 30 funso lililonse la mbiri lili ndi yankho limodzi lokha. Ana athu azolowere kumva mayankho awiri osiyana popanda kutukwanana.

Za Khulubvi ndichenjeze. Malo a Mbona anaikidwa mu 2011 pa mndandanda wa malo amene dziko lathu likufuna kuti bungwe la UNESCO lidzawavomereze, ndipo alendo amafuna kuwaona. Komatu kumeneko si kumyuziyamu. Ndi kachisi, ali ndi eni ake ndi miyambo yake. Tisalembe masewera oti ana azithamanga m'nkhalango muja akuwerenga mitengo. Tsamba la Mbona lisasindikizidwe osunga malowo asanalimve likuwerengedwa mokweza, ndipo chimene iwo akana chichotsedwe.

Kapangidwe kake sikafuna ndalama zambiri. Mapepala awiri a A4 opindidwa pakati amatipatsa masamba asanu ndi atatu, ndipo amenewo ngokwana. Inki ikhale yakuda yokha kuti sukulu iliyonse itha kuchita fotokope. Pepala lonyezimira lija lisiyeni, pensulo siigwira, ndipo dzanja la thukuta limaterera. Zilembo zikhale zazikulu poganizira maso a achikulire. Tsamba limodzi, chinthu chimodzi, funso limodzi, ndi malo aakulu ojambulapo, chifukwa mwana wa Sitandade 2 amene sanayambe kulemba bwino amatha kujambula mtondo. Wowerenga funso mokweza akhale mwanayo, kuti kholo losadziwa kuwerenga lisachite manyazi.

Mudzafunsa kuti kakagwira ntchito kuti, popeza myuziyamu ya Chichiri, imene inatsegulidwa mu 1966, ili kumtunda ku Blantyre ndipo basi siyotchipa. Pachipata cha Lengwe panakhazikitsidwa malo otchedwa Tisunge osungirako mbiri ya chigwa chino, zimene zikuonetsa kuti zinthu zotere n'zotheka kwathu konkuno. Koma ngakhale kalasi imodzi momwe makolo abwereketsa mphika, ulimba ndi mono kwa sabata imodzi, kabukuka kangagwire ntchito.

Tsamba lomaliza likhale lokalembera kunyumba: mwana ajambule chinthu chakale kwambiri cha m'nyumba mwao, alembe mwini wake woyamba. Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anakokolola mitondo, ng'oma ndi zithunzi za mabanja ambiri. Pamene chinthucho chinapita ndi madzi, mwana achijambule motsatira m'mene wamkulu akuchifotokozera.

Pempho langa kwa aphunzitsi ndi ili. Tisasindikize timabuku tambirimbiri tisanayese. Tipange khumi tokha, tipereke kwa mabanja khumi, ife tiime patali n'kumaona. Tsamba limene mwana wadzaza osatsegula pakamwa kufunsa wamkulu, tiling'ambe tilembenso lina.