Kachida ka Miyendo Isanu ndi Itatu

Mlimi wa ku Jenda akaika thumba la mbatata pa sikelo ya magetsi, kapena namwino wa ku Embangweni akalumikiza wodwala ku makina oyezera kagundidwe ka mtima, ntchito yaikulu imagwiridwa ndi kachida kakuda kochepera njere ya nyemba. Amisiri amakatcha op-amp. Kamapezekanso m'zokuzira mawu za m'matchalitchi a pa boma la Mzimba, ndi m'zinkuzamawu zimene zimamveka pa phiri la Hora pamene Angoni akuvina ingoma pa mwambo wa Umtheto.

Dzina lake lonse, operational amplifier, linalembedwa koyamba ndi John Ragazzini m'chaka cha 1947, pamene zida zotere zinali zazikulu ndi zotentha. M'chaka cha 1968 David Fullagar wa kampani ya Fairchild ku America anapanga kachida kotchedwa 741, kamene ophunzira za magetsi akuphunzirirabe mpaka lero. Ntchito yake ndi imodzi: kamayerekeza mphamvu ya magetsi pa miyendo iŵiri yoloŵera, ndipo kamakulitsa kusiyana kwake, monga nduna imene imabwereza mokweza mawu amene mfumu yanena motsitsa.

Khalidwe loyamba limene mmisiri ayenera kudziŵa ndi kukulitsa. Ka 741 kamatha kukulitsa kaŵirikaŵiri ka 200,000. Mphamvu yotere ndi ng'ombe yopanda goli: kusiyana kosafika gawo limodzi mwa magawo 10,000 a voti kumakwanira kukankhira mawu kumapeto, ndipo chotuluka ndi phokoso basi. N'chifukwa chake amisiri amabweza pang'ono za kotulukira kuti ziloŵenso koloŵera kudzera m'maresisita aŵiri, njira imene Harold Black anaitulukira m'chaka cha 1927. Maresisitawo ndiwo amalamula kuti kachidako kakulitse kakhumi kapena ka 100.

Khalidwe lachiŵiri ndi kusadya magetsi a chimene kakumvetsera. Mtima wa munthu umapereka pakhungu pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti. Chida choyezera chikayamwa magetsi ochepawo, palibe chotsala choti chiyeze, monga mlaŵi amene watha ndiwo zonse polaŵa. Khomo la 741 limatchinga ndi ma ohm pafupifupi 2 miliyoni, ndipo la TL072 limatchinga koposa pamenepo kutalitali.

Khalidwe lachitatu ndi limene limakhudza thumba la mlimi. Miyendo iŵiri yoloŵera ikalandira mphamvu yofanana, kachidako kanayenera kukhala chete, koma palibe kamene kamabadwa kolungama kotheratu. Mu 741 cholakwacho chimakhala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a voti, ndipo chimakulitsidwa pamodzi ndi uthenga weniweni. Chimasinthanso ndi kutentha, kotero kuti sikelo imene inali bwino m'mamaŵa ozizira a mu Juni ikhoza kusokera pang'ono padzuŵa la mu Okutobala. Wogula ndi wogulitsa onse ali ndi ufulu woona kuti sikelo ikuonetsa ziro katundu asanaikidwe.

Khalidwe lachinayi ndi liŵiro. Ka 741 kakauzidwa kukulitsa ka 100, kamatsata bwino mafunde osapitirira 10,000 pa sekondi, pamene khutu la mwana limamva mpaka 20,000. Kotulukira kwake kumakwera theka la voti pa gawo limodzi mwa magawo miliyoni a sekondi, koma TL072 imakwera mavoti 13 pa nthaŵi yomweyo. Nthungululu za amayi ndi likhweru la wotsogolera gule ndi mawu othamanga, ndipo kachida kaulesi kamawapotoza ngakhale mawu a ng'oma akutuluka bwino.

Palinso nkhani ya chakudya chake. Ka 741 kanapangidwira magetsi a mbali ziŵiri, monga mavoti 15 kumtunda ndi 15 kumunsi. M'midzi yambiri ya kumwera kwa Mzimba mphamvu imachokera m'batire limodzi la mavoti 12 lodzazidwa ndi sola. Kumeneko LM358 ndiyo imayenera, popeza imagwira ntchito ndi batire limodzi kuyambira mavoti atatu, ngakhale kuti pa nyimbo siitulutsa mawu oyera ngati NE5532.

Apa ndi pamene pagona ngozi. Tizida tonseti tili ndi miyendo isanu ndi itatu ndipo timafanana ngati mapasa. Komatu mu 741 muli chokulitsa chimodzi, pamene mu LM358, TL072 ndi 4558 muli ziŵiri, ndipo miyendo yake imalumikizidwa mosiyana. Mmisiri amene amachotsa kachida m'wailesi yakufa ndi kukaika m'makina ena chifukwa chakuti kakukwana pamabowo akhoza kuwotcha makina a mpingo amene akhristu anasonkhera chaka chathunthu.

Mmisiri wanzeru amayamba waŵerenga nambala yolembedwa pamsana pa kachidako, amafufuza pepala la makhalidwe ake, limene opanga amaliika kwaulere pa intaneti, ndipo amayeza magetsi a makinawo asanatenthetse chowotcherera. Nayenso mwini makina, popereka katundu wake kokakonzetsa, achita bwino kupempha kuti aone nambala ya kachida kakale ndi ya katsopano asanalipire.