Munthu wa pakhoma lathu: mawu a mlangizi pa chikondwerero cha zaka 10

Inu achinyamata amene mwajambula khoma la nyumba yathu yosungiramo zokolola, zikomo kwambiri.

Ambiri mwandifunsa kuti, kodi bambo wa suti amene waima pakati pa alimi osenza matumba a mpungayo ndi ndani? Ameneyu ndi Clements Kadalie, mwana wa konkuno. Anabadwira m'mudzi wa Chifira, pafupi ndi Bandawe, cha m'ma 1896. Atamaliza sukulu ku Livingstonia anatsika kummwera kukafuna ntchito, monga ana athu akupitira ku Joni leromu.

Mu 1919 anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town. M'mwezi wa Disembala chaka chomwecho, anthu otsitsa katundu padoko ananyanyala ntchito kwa masabata awiri pofuna malipiro abwino. Pofika 1927 mamembala anali pafupifupi 100,000, ndipo ambiri anali ogwira ntchito m'mafamu. Munthu mmodzi bwana ankangomuthamangitsa, koma gulu ankayamba walimvera.

Komatu nkhaniyi ili ndi mbali ina yowawa. Bungwe lalikulu chonchi silinakhalitse. Atsogoleri anayamba kukangana, ndalama za mamembala sizinkayenda bwino. Mu 1928 nthambi ya ku Natal inapatuka ndi A.W.G. Champion, ndipo mu 1929 Kadalie mwiniwake anatula pansi udindo. Anamwalira ku East London mu 1951.

Ndiye abale anga, mukamadutsa pamsewu wa M5 n'kuona chithunzichi, chizikufunsani mafunso awiri. Loyamba: venda akafika pakhomo ndi sikelo yake mpunga usanaume n'komwe, mumugulitsa usiku kapena mudikira anzanu? Ndikudziwa, fizi ya mwana sidikira. Koma thumba lililonse lopita kumbali limachepetsa mulu wathu, ndipo wogula wamkulu satumiza lole chifukwa cha matumba khumi.

Lachiwiri: mabuku a ndalama mumawaona? Bwerani ku msonkhano waukulu wa pachaka. Funsani za masheya anu, funsani malisiti. Kufunsa si mwano, ndipo a komiti musamakwiye nako. Kopaletivu imafa anthu akasiya kufunsa pabwalo n'kuyamba kunong'onezana kudambwe.

Utoto wa pakhomawu udzasuluka ndi dzuwa la kunyanja kuno, tidzagula wina. Koma tikasiya kukhulupirirana, palibe sitolo imene tingakagule zimenezo.