Mwana akavutika maganizo, agogo aziitanidwa: zomwe tinamva pa msonkhano wathu



Lero ndikutengerani ku Australia. Kumeneko, kuyambira cha m'ma 1910 mpaka m'ma 1970, boma linkalanda ana a mtundu wa Aborijini n'kukawasiya kumishoni kapena kwa azungu. Lipoti la Bringing Them Home linaulula nkhanzazi mu 1997, ndipo nduna yaikulu Kevin Rudd anapepesa pa 13 February 2008.

Ndiye taganizani: mwana sakugona, sakudya, kusukulu wasiya. Agogo ake, amene analandidwa ali aang'ono, angapite naye kwa mlangizi wa boma? Ayi ndithu, akuopa kuti mdzukuluyo amutenganso.

N'chifukwa chake anthuwa anatsegula zipatala zawozawo, choyamba ku Redfern mu 1971. Mlangizi wabwino sayamba ndi fomu. Amakhala pansi n'kucheza kaye, komwe iwo amati yarning, agogo ndi azakhali ali pomwepo. Kwa iwo mtendere wamumtima umayenderana ndi banja, chilankhulo komanso dziko la makolo. Palinso nambala ya 13YARN, yomwe amayankha ndi anthu a mtundu wawo, usana ndi usiku.

Anzanga, munthu amaulula zakukhosi pomwe sakuopa. Tisathamangire kulangiza, tiyambe tamvetsera.