Kalata ya Ntchito: Tiwerenge Tisanasaine

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe la ophunzira akale ku Misesa



Komiti inandipempha kuti ndiyankhule za makalata amene makampani a makompyuta ndi mafoni amapereka kwa munthu akafuna kumulemba ntchito. Ana athu ambiri a kuno ku Misesa, ku Bangwe ndi ku Zingwangwa akuphunzira za makompyuta ku MUBAS, imene ife tinkaidziwa kuti Polytechnic, ndipo makalata otere ayamba kufika m'makomo mwathu.

Kale kalata ya ntchito inali pepala limodzi lotayipa, chidindo pansi, basi. Lero imabwera pa foni kapena pa imelo, masamba asanu kapena khumi. Tsamba loyamba lili ndi dzina lako m'zilembo zikuluzikulu, chizindikiro cha kampani, ndi zithunzi za anyamata ndi atsikana akuseka atazungulira laputopu. Musaganize kuti zimenezi zinangochitika. Makampani aakulu ali ndi anthu olipidwa kuti akonze maonekedwe a kalatayo, asankhe mtundu wa utoto, ndiponso aganize nambala yoti diso liyambe kuiona. Sindikuti nkulakwa. Wogulitsa tomato mu msika wa Limbe nayenso amaika zofiira pamwamba. Koma wogula wanzeru amatembenuza mulu.

Nambala yaikulu ija ndiyo ndifuna tikhalepo pang'ono. Nthawi zambiri si ndalama imene idzalowe m'thumba pakutha pa mwezi. Amaphatikiza zonse: malipiro enieni, mayunitsi, bandulo ya intaneti, ndalama imene kampani idzapereke ku MASM kapena kwina kuti uzikalandira chithandizo kuchipatala, bonasi imene ungalandire ngati chaka chayenda bwino, ngakhalenso gawo la kampani la penshoni. Tiyerekeze kuti alemba K900,000. Mwana amathamangira kukauza amayi ake, amayi amauza a mvano anzawo, ndipo tsiku lomwelo amalume ayamba kale kuwerengera malata. Mwezi ukatha, a MRA atenga msonkho wawo, penshoni yadulidwa, zina zija sizinali ndalama zogwira m'manja, ndipo chotsala nchochepa kwambiri kuposa chimene mudzi wonse unamva. Mwanayo amaoneka ngati wayamba kumana abale. Ndaona mabanja akudana pa nkhani yotereyi. Funso loyamba kwa abwana likhale lakuti: pa ndalama yonseyi, malipiro enieni ndi angati, ndipo zonse zikadulidwa nditenga zingati?

Lamulo lili kumbali yathu, tikalidziwa. Lamulo la za ntchito la chaka cha 2000 limati wolemba ntchito apereke kalata yofotokoza tsiku loyamba ntchito, malipiro ndi kawerengedwe kake, mtundu wa ntchito, maola ogwira, ndi njira yothetsera mgwirizano. Nthawi yoyesedwa isapitirire miyezi 12, ndipo dziwani kuti m'nthawi imeneyi mbali iliyonse ikhoza kuthetsa mgwirizano popanda notisi. Tchuthi cha pachaka ndi masiku 15 kwa ogwira masiku asanu pa sabata, ndi masiku 18 kwa ogwira masiku asanu ndi limodzi. Mayi woyembekezera ali ndi masabata 8 akulandira malipiro onse, kamodzi pa zaka zitatu. Za penshoni, kuyambira 2011 wolemba ntchito amaponya 10 pa 100 iliyonse ya malipiro, wantchito 5. Choncho kalata ikalemba penshoni ndi tchuthi m'kabokosi kokongola ngati mphatso, musagwade pothokoza. Ndi zanu kale.

Tsopano za ntchito za kunja, zimene munthu amagwira ali m'chipinda chake ku Misesa koma abwana ali ku London, ku Nairobi kapena ku Johannesburg. Apa muone ndalama imene alemba. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 pa 100 tsiku limodzi. Amene kalata yake inanena madola sanagwe nayo. Amene analonjezedwa madola pakamwa koma pa pepala panalembedwa kwacha, anangoona mtengo wa sopo ukukwera. Muonenso ngati akukutchulani wantchito kapena munthu wa kontirakiti wongogulitsa luso lake. Wachiwiriyu alibe tchuthi, alibe penshoni, ndipo zikavuta nkovuta kukokera kampani ya kutsidya kwa nyanja ku ofesi ya leba kapena ku khoti la za ntchito muno mu Blantyre. Makampani a ku America amakondanso kulonjeza masheya. Kawirikawiri masheyawo amabwera pang'onopang'ono kwa zaka zinayi, ndipo ukachoka chaka choyamba chisanathe sutenga kanthu. Izi amazilemba m'tizilembo tating'ono chakumapeto.

Akuluakulu muli pano mukukumbukira Wenela ndi Theba. Agogo athu ankadinda chala pa mapepala amene sanathe kuwawerenga, nakwera ndege kupita ku migodi ya ku Joni. Mu 1974 ndege inagwa ku Francistown nkupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Banda analetsa kulemba anthu. Patapita zaka makumi angapo, okalamba aja anali akuyendabe m'maofesi kufunsa ndalama zawo. Iwo sukulu analibe. Ife tili nayo, koma chala chomwecho tikudinda pa galasi la foni osawerenga, ndipo lamulo la 2016 la zochitika pa makina a intaneti limavomereza siginecha yotero ngati ya inki.

Chomaliza ndi akuba. Kukopera chizindikiro cha kampani yodziwika nkosavuta. Mwana wa Fomu 2 akhoza kuchita. Kalata yabodza nthawi zina imakongola kuposa yeniyeni. Mudzaidziwa ndi izi: imabwera usanafunsidwe mafunso, imakufulumizitsa kuti usaine lero lomwe, ndipo imapempha ndalama ya fomu, ya yunifomu kapena ya chiphaso pa Airtel Money kapena Mpamba. Kampani yoona silipiritsa munthu kuti imulembe ntchito. Likulu la TNM lili mu Blantyre momwe muno, ndipo makampani ena ambiri ali ndi maofesi m'tauni. Kwerani minibasi mukafunse pa kauntala ngati kalatayo ndi yawo.

Bambo wapampando, ndikupempha kuti komiti isankhe anthu atatu pakati pathu, wodziwa malamulo, wowerengera ndalama, ndi wina wa makompyuta, oti mwana wa pa sukulu ino akalandira kalata aziwaonetsa asanasaine. Kupempha masiku awiri kapena atatu oti uwerenge sikuchotsetsa ntchito. Ine ndalembetsa kale dzina langa kwa alembi.