Amai Akakhala ndi Pakati: Nthenda ya Mudzi

Phunziro lathu la lero litifikitsa ku Minga m'boma la Petauke, kufupi ndi mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku Chipata. Kumeneko kuli cipatala ca mishoni ya Akatolika, kumene amai apakati a m'midzi yozungulira amapita ku sikelo. Tikambirana za nthenda imene imasautsa amai ambiri otere, koma anthu amacita manyazi kuichula. Dzina lake ndi mudzi. Musaseke ai, sitikunena mudzi wa nyumba ndi nkhokwe.

Kodi nthendayi ndi yotani? M'thupi monse muli mitsempha ya magazi, ndipo ina iri kumapeto kwa matumbo, kumene cimbudzi cimatulukira. Mitsempha imeneyi ikatupa, munthu amamva kuyabwa kapena kupweteka, amavutika kukhala pansi, ndipo nthawi zina amaona magazi pang'ono akadzithandiza. Ndiyo nthenda ya mudzi. Siyopatsirana, sicokera ku ufiti, ndipo si cilango ca colakwa ciri conse.

Nanga cifukwa ninji imakonda amai apakati? Coyamba, magazi a mai wapakati amaonjezeka ndi pafupifupi theka, kuti akwanire iye ndi mwana. Caciwiri, mwana akamakula amapsinja mitsempha ya m'munsi mwa mimba, magazi nabwerera kumtima mocedwa, monga madzi a m'ngalande imene mwagwera cipika. Cacitatu, matumbo amagwira nchito pang'onopang'ono, ndipo mai amadzimbidwa. Munthu wodzimbidwa amadzikakamiza pocita cimbudzi, ndipo mitsempha ija imatupirako. Vutoli limakula makamaka pa miyezi 3 yotsiriza ndi masiku oyamba mwana atabadwa, koma kawirikawiri limacepa pambuyo pake.

Tsono mankhwala oyamba ali m'munda ndi pacitsime. Nsima ya mgaiwa iposa ya ufa woyera, pakuti gaga ndiye amafewetsa cimbudzi. Nyemba, khobwe, nsawawa, mbatata, cibwabwa, bondwe ndi therere zimathandiza comwecho. Zipatsonso n'zofunika: mapapaya, mango, ndi nthoci zakupsa zimene mumaziona pamseu ku Nyimba. Koma zakudya zimenezi zimafuna madzi. Mai wapakati amwe makapu 8 kapena kuposerapo tsiku liri lonse, makamaka m'nyengo yotentha ya Okutobala.

Ku sikelo amai amalandira mapiritsi oonjezera magazi. Mapiritsiwa amadetsa cimbudzi, ndipo ena amawadzimbitsa. Ngakhale ziri tero, mai asaleke kumwa, cifukwa kucepa kwa magazi n'koopsa kuposa kudzimbidwa. Akauze anamwino, iwo adzamuuza cocita.

Mudzi ukayamba kale, pali njira zocepetsera ululu. Mai akhale m'beseni la madzi ofunda ndi oyera kwa mphindi 10 kapena 15, kawiri kapena katatu pa tsiku. Akadzithandiza asambe ndi madzi, osapukuta ndi zitsononkho kapena masamba okakala. Asaumirize cimbudzi cikafika, ndipo asakhalitse m'cimbudzimo. Aziyendako pang'ono tsiku liri lonse, ndipo popumula agonere kumanzere, kuti mitsempha ipepukidwe. Koma kuceka cotupaco ndi lumo, kuikapo zitsamba zoyabwa, kapena kumwa mankhwala otsegula m'mimba popanda uphungu wa ku cipatala, zimenezi zingapweteke mai ndi mwana yemwe.

Mvetsetsani ici koposa zonse. Magazi ali onse amene mai wapakati awaona ayenera kuwanena ku cipatala, pakuti si iye angadziwe yekha kumene acokera. Magazi oturuka m'njira yobadwira mwana si a mudzi konse. Ndi cizindikiro coopsa, ndipo mai apite naye ku cipatala nthawi yomweyo, usana kapena usiku. Comweconso ngati magazi ndi ambiri, ululu wakula, kapena mai amva cizungulire ndi kufooka. Kuyambira m'caka ca 2016, bungwe la WHO, loona za umoyo pa dziko lonse, limalangiza kuti mai wapakati aonane ndi a cipatala nthawi zosacepera 8. Pa maulendo amenewa mai angathe kunena vuto lake kwa anamwino, amene amasunga cinsinsi ndipo sadabwa nazo.

Mwina mufunsa kuti, nanga ife ana zitikhudza bwanji? Mwambo wathu sulola mwana kufunsa amai ake za kumalo obisika, ndipo ife sitikutumani kukafunsa. Koma maso muli nao. Mukaona amai anu, azakhali kapena alamu anu ali ndi pakati, ndipo akhala pansi movutika, musadikire kutumidwa. Katungeni madzi, mtsuko wakumwa usaume. Senzani nkhuni ndinu, pakuti katundu wolemera amaonjezera vutoli. Thyolani ndiwo kudimba, tengerani mphale kucigayo, lerani mng'ono wanu kuti amai apumule kapena apite ku sikelo. Nchito zimenezi ndi za anyamata ndi atsikana omwe.

Aphunzitsi, phunziro likatha thandizani ana kulemba pabolodi zakudya za kwao zimene zimaletsa kudzimbidwa, ndi zizindikiro zimene mai wapakati ayenera kuthamangira nazo ku cipatala. Lankhulani mwaulemu, ndipo musalole mwana kuchula dzina la mai ali yense wa m'mudzi. Inu ana, mukafika kunyumba kafotokozereni agogo anu aakazi zimene mwamva. Iwo adziwa mau oyenera owauzira amai. Tsalani bwino.