Galimoto ya dizilo yochoka ku Aston kupita kumudzi

Ndilankhula pang'onopang'ono kuti amene Chichewa chimakuvutani musatsalire m'mbuyo.

Kuyambira pa 14 June 2021, galimoto ya dizilo yosafika pa muyezo wa Euro 6 ikalowa mkati mwa msewu wa A4540 Middleway, mwini wake amalipira mapaundi 8 pa tsiku. Zambiri mwa galimoto zimenezi ndi zimene zinagulidwa koyamba September 2015 asanafike. Ife a ku Aston tili pakhomo penipeni pa Clean Air Zone: ukangotsika ndi Aston Expressway kulowa m'tauni, walipira. Ndiye m'nyumba zathu mumamveka mawu amene mukuwadziwa bwino: "Tingoitumiza kumudzi, amalume anu akaigwiritse ntchito." Chiwongolero chili kumanja, ku Malawi timayendanso kumanzere kwa msewu, choncho zimaoneka ngati palibe vuto.

Tiyeni tiiperekeze galimotoyo. Imakhala milungu ingapo pa sitima yapamadzi, n'kutsikira pa doko la Dar es Salaam. Kuchokera pamenepo mpaka pa chipata cha Songwe ndi makilomita oposa 900. Mumadutsa Morogoro, kenako msewu umalowa m'nkhalango ya Mikumi, kumene mbidzi ndi akadyamsonga amadya m'mbali mwa tala, ndipo ukagunda nyama umalipira chindapusa. Musanafike ku Iringa pali chitunda cha Kitonga, chokhotakhota, malole akukwawa ngati akamba. Injini imene inazolowera kupita ku Tesco ndi kutchalitchi basi imayamba kutentha pamenepa. Mukadutsa Makambako, mumakhotera ku Uyole, pafupi ndi Mbeya, n'kutsikira m'minda ya tiyi ndi nthochi ya ku Tukuyu. Pa Songwe a MRA akudikira, ndipo msonkho wawo umakwera galimoto ikakhala yakale. Ena amaisiya pomwepo kwa masiku, akuimba foni ku Birmingham kuti ndalama zaperewera. Mukawoloka, Karonga ndi nyanja kumanzere kwanu, kenako Chiweta. Amene mabuleki ndi radiyeta yake sanazione ali kuno, Chiweta chimamuonetsa.

Ulendo umenewu ndi wokoma, ndipo ndikanakonda aliyense wa inu atauyenda kamodzi. Pandege dziko la makolo anu mumangoligwera kuchokera kumwamba. Pamsewu mumamva Chiswahili chikusanduka Chinkhonde, Chinkhonde chikusanduka Chitumbuka, mpaka Chichewa chimene ndikulankhulachi.

Koma funso limene gulu lathu likufunsa ndi ili: utsi umene Birmingham yaukana, ukafika ku Mzuzu umasanduka wabwino? Mu 2020 woweruza ku London anagamula kuti mpweya woipa unathandizira imfa ya mtsikana wa zaka 9 amene ankadwala mphumu. Chaka chomwecho bungwe la UNEP linanena kuti pakati pa 2015 ndi 2018 Ulaya, America ndi Japan anatumiza kunja galimoto zogwiritsidwa kale ntchito zokwana 14 miliyoni, ndipo Africa ndiyo inalandira zochuluka. Mayi wogulitsa tomato pa depoti ali ndi mapapo ngati anu.

Sindikuti tileke kutumiza. Kumudzi galimoto imatengera wodwala kuchipatala usiku, imanyamula chimanga ndi maliro omwe. Ndikuti tisatumize chimene tatopa nacho n'kuchitcha mphatso. Galimoto yofuka ikafika, amalume ndiwo amasaka masipeya amene ku Lilongwe kulibe, ndiwonso amagona pamzere wa dizilo mafuta akasowa, monga zinkachitikira mu 2022.

Apa mpamene tikukufunani. Mafomu a pa intaneti m'nyumba mwanu mumalemba ndinu. Mbiri ya MOT ya galimoto iliyonse ili pa gov.uk, mwaulere, mukangolemba nambala yake. Werengani zimene amakaniko analemba za utsi, dzimbiri ndi mabuleki, muwawerengere bambo ndi mayi mwaulemu. Kenako muimbire amalumewo, muwafunse ngati makaniko wa kwawo mtundu umenewo amaudziwa, galimoto isanakwere sitima.